Ndamubisira pasipoti mwana wanga, kodi ndiye kuti sindikhulupirira Mulungu?

Nangozo wa ku Santhe:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo. Koma ndipemphe poyamba pomwe, musangondiponyera mavesi n'kuthawa. Mavesiwo ndili nawo kale, ndine mayi wa Chigwirizano ndipo bulauzi yoyera sindinayambe dzulo kuvala.

Ndine wamasiye, ndimakhala chakuno ku Santhe, ndimalima komanso ndili ndi kaokala ka sopo, mchere ndi mafuta oyeza. Ana aakazi onse ali pabanja. Pakhomo ndatsala ndi mzime, mnyamata yekhayo, wa zaka 24. MSCE anakhoza bwino ndithu koma ku yunivesite sanatengedwe, ndiye bambo ake atatisiya ndi iye amene anatenga chigafa. Chaka chatha analima fodya ndi mtima wake wonse. Kudzuka kusanache kukathirira nazale kudambo, kuwokera mvula ili pamsana, kusoka mpaka zala kuda bii, kupachika mikangala yekha poti waganyu amafuna zake. Mabelo atapita ku Chinkhoma, titachotsa ngongole ya feteleza, ziguduli, jeke ndi galimoto, zotsalazo mwanayo anangoziyang'ana, osayankhula, n'kutuluka panja. Kuyambira tsiku limenelo nyimbo ndi imodzi, ya ku Joni.

Pasipoti anadulitsa ine osadziwa. Ndinaipeza m'thumba la jekete pofuna kuchapa, ndipo ndinaitenga. Pomwe ili sindinena, poti mwina ena mwa inu ndi anzake. Waifuna nyumba yonse, wagudubuza matumba a soya, wapisa dzanja m'denga la khitchini mpaka kutuluka ali mwaye wokhawokha. Sanandifunse, inenso sindinamuuze. Ndikamupakulira nsima amati "zikomo amayi", kudya, kusamba m'manja, n'kupita. Akudziwa kuti ndine.

Atsibweni ake, omwe ndi mwini mbumba kwathu, anapalasa njinga kudzandiuza kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Amayi anzanga nawo akuti "musiyireni Mulungu, Nangozo, tayani nkhawa zanu pa Iye." Chabwino. Koma amene akundiuza zimenezi ana awo amagona pakhomo. Ine ndinaliona ndi maso angawa bokosi lochokera ku Joniko likutsitsidwa m'mudzi woyandikana nafe, achibale atasonkha ndalama mpaka kugulitsa ng'ombe kuti libwere, ndipo kuona nkhope kunalibe. Moto uja wa mu Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70 m'nyumba yosanja ku Johannesburg, Amalawi analimo. Amayi awo sankapemphera?

Mwana ameneyu ali wakhanda anakomoka ndi malungo pakati pa usiku. Sindinakhale pansi n'kumati Ambuye adziwa. Ndinamubereka, bambo ake patsogolo ndi nyali, mpaka kuchipatala. Nthawi imeneyo palibe anati ndikumulanda Mulungu ntchito. Nanga lero zasintha pati?

Chomwe chandilembetsa n'chakuti pemphero landivuta. Pemphero la Ambuye lomwe lija, ndikafika pa "kufuna kwanu kuchitidwe" pakamwa pamauma, ndimangoyendetsa milomo anzanga n'kumapitirira. Ndikuopa kuti kufuna kwakeko kungakhale koti mwanayu apite. Ndiuzeni, kumusiyira Mulungu mwana kumayambira pati, ndipo udindo wa mayi umathera pati?

Agogo a ku Kamwendo:

Mayi Nangozo, pepani, mwasenza cholemera. Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Mchinji, koma ndiyankha ngati mwana wa munthu amene adapita.

Bambo anga adalowa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, ine ndili wamng'ono. Masiku amenewo amuna m'mudzi ankatha, kutsala amayi ndi nkhalamba. Ena ankabwera ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi njinga. Ena adatchona, manda awo mpaka lero sitiwadziwa. Mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, Amalawi 74 adathera momwemo, Kamuzu n'kutseka ulendowo. Agogo anga aakazi adati bola, ana akhala pakhomo. Sipadapite zaka zambiri, Theba, yomwe idalowa m'malo mwa Wenela, idayamba kulemba anthu, anyamata n'kuyambanso kupita. Ndipo Kamuzu mwiniwakeyo, wakwanu ku Kasungu, adachoka wapansi ali mnyamata n'kudzabwera mu 1958 ali bambo wachikulire. Njira imeneyi ndi yakale, mayi, ndipo misozi ya amayi pa njirayi ndi yakalenso. Mantha anuwo sindikuwapeputsa.

Mwati tisaponye mavesi, ndiye ndingokukumbutsani nkhani imodzi, ya amake a Mose pa Eksodo 2. Mayi uja adabisa mwana miyezi itatu, ndipo Baibulo silimudzudzula, pa Ahebri 11:23 zimenezo zikutchedwa chikhulupiriro. Ndiye kubisa pakokha si kusakhulupirira ayi. Koma werengani vesi 3. Idafika nthawi yoti sakadathanso kumubisa. Pamenepo mayiyo sadamuponye m'madzi n'kumati Yehova adziwa. Adatenga kabokosi ka gumbwa, adakamata phula bwinobwino kuti madzi asalowe, adasankha malo pabango m'mphepete mwa mtsinje, mlongo wake wa mwanayo n'kuima chapatali kuti aone. Zonse zimene manja akadatha zidachitika. Chimene mayiyo sakadatha ndi kusankha munthu amene adzatsikire kumtsinje m'mawa umenewo, ndi mtima umene adzatsike nawo. Chimenecho ndicho adasiyira Mulungu.

Wanuyo miyezi yake itatu idatha kalekale. Munthu wa zaka 24 sabisika. Pa malungo paja mudamubereka chifukwa adalibe miyendo yosankhira kopita. Lero ali nayo, ndipo adamupatsa ndi Mulungu yemweyo. Ntchito yanu yatsala ndi ya phula. Mudziwe amene akamulandire, kwawo n'kuti, makolo ake muwaone maso ndi maso. Apite ndi kalata ya mpingo. Ndalama yobwerera ikhale padera. Atsibweni ake amukhazike pansi, abusa amupempherere anthu akuona, asachoke usiku ngati wakuba.

Ndipo mundikhululukire, wakutsina khutu ndi mnansi. Kabukuko si kanu. Mukamadzayandikira Mgonero, nkhani imene ili pakati pa inu ndi mwana wanu si ya Joni, ndi ya chinthu chimene mudatenga m'thumba mwake osamuuza. Mwina n'chifukwa chake pakamwa pakuuma.

Wa kwa Chulu ali ku Joni:

Amayi, ine ndine mmodzi mwa ana amene mukuwaoperawo. Ndikulemba ndili ku Joni komweko, kwathu ndi kwa Chulu, kufupi ndi paki, kumene timalimbirana chimanga ndi njovu. Za Baibulo agogo anena, ine ndikuuzani za msewu.

Mukuona ngati mwatseka ulendo, koma mwatseka njira ya basi yokha. Amene ali ndi pasipoti amakwera basi ku Lilongwe, kudinditsa pa boda, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station anthu akumudikira. Amene alibe amapita ndi matransipota. Amalipira zambiri, amatsitsidwa asanafike pa boda n'kuzungulira kutchire, ndipo Limpopo amawoloka wapansi usiku, kumene kuli ng'ona ndi anyamata aja amawati magumaguma, olanda foni, ndalama, nsapato zomwe. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anabwera choncho chifukwa bambo ake anamukaniza. Anafika ndi kabudula yekha ndi bala pamkono. Kwawo anachita kumva kwa anthu kuti ali kuno, patapita miyezi. Mwana wanu wangoti chete osakufunsani, ine zimenezo zikundiopsa kuposa akanakalipa. Mwina wayamba kale kufunsa mtengo wa transipota.

Sindikunamizani kuti kuno n'kwabwino. Mmalawi pa boda amapatsidwa masiku 30 okha, ndipo si ogwirira ntchito. Akapitirira ndiye kuti akukhala mozemba, akagwidwa ndi wa ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira kubwezedwa, ndipo akhoza kuletsedwa kulowanso mpaka zaka zisanu. Ntchito zambiri ndi za m'gadeni, m'nyumba, zomanga ndi zosoka. Bwana akafuna kukudyera malipiro ulibe kokadandaula. Lendi nayo siseka. Mu 2015 ku Durban anthu anathawira m'matenti, boma lathu linachita kutumiza mabasi. Zithunzi zimene anzake amamutumizira pa WhatsApp atatsamira galimoto, galimotoyo ndi ya bwana, wangomaliza kuitsuka. Zimenezi mumuuze, kapena ndimuuze ndine ngati angalole.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Amayi anga analira mpaka maso kutupa. Kenako m'mawa wa tsiku lonyamuka anandikazingira mtedza ndi chimanga, anandigwira mutu pakhomo n'kupemphera. Sanati akapeze ndalama. Anati "Ambuye, ndakubwezerani, ngwanu." Kunoko zinthu zikathina, ena amalowa mowa, ena amasiya kuyankha foni za kumudzi. Anachoka mokangana, ndiye kubwerera chimanjamanja sangathe. Ine ndikudziwa kuti nditatulukira mawa ndi chikwama chokha, pakhomo andilandira. N'chifukwa chake ndimaimba foni Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ngakhale mwezi umene sindinatumize kanthu pa Mukuru. Mwa anthu otchona amene ndikuwadziwa, ambiri si kuti zinawayendera. Ndi manyazi.

Mtumiki wa Moto:

Mayi, umenewo ndi mzimu woyendayenda. Salani kudya masiku atatu, pasipotiyo muidzoze mafuta, muona akuiwala yekha za Joni. Ameni.

Nachisale wa pa Chamama:

A Mtumiki, mzimu wake ndi mtengo wa feteleza, tiyeni tisanamizane.

Inu a Nangozo, musalole anthu akuthamangitseni. Ine amuna anga anapita ndi madalitso onse akunenedwa apawa, abusa anawasanjika manja, kalata ya mpingo m'thumba. Chaka choyamba kunabwera mabulangete ndi ndalama ya malata. Lero ali ndi mkazi wina ku Cape Town, ana ndikulera ndekha ndi geni ya tomato pa Chamama. Ndiye agogo a ku Kamwendo, phula lanulo nthawi zina madzi amalowabe. Ndipo mawu oti "siyirani Mulungu" amene timauzidwa kwambiri ndife amayi, makamaka akafuna kuti titseke pakamwa.

Ngakhale Ambuye Yesu ku Getsemane sanayambire pa "kufuna kwanu". Anayamba apempha kuti chikho chiwapitirire, ndipo Mateyu 26 akuti anapemphera katatu. Ndiye ngati pakamwa pakuuma, muuzeni Mulunguyo mosabisa kuti Atate, sindikufuna mwanayu apite. Limenelonso ndi pemphero.

Koma ndili ndi funso, mundiyankhe moona. Mwalemba kuti "titachotsa ngongole". Layisensi ya fodyayo ili m'dzina la ndani? Ndalama za ku Chinkhoma zinalowa mu akaunti ya ndani, ndipo khadi la kubanki amasunga ndani? Akafuna mayunitsi amatenga kuti? Ndikufunsa chifukwa mchimwene wanga anachoka pakhomo osati kaamba ka umphawi, koma kuti ali ndi ndevu ankapemphabe ya sopo kwa amayi. Mwina mwanayo sakuthawa Santhe.

Agogo a ku Kamwendo:

Mayi Nachisale, mwanena zoona ndipo sindikutsutsani. Mtsinje womwe udasunga Mose ndi umene Farao adalamula kuti ana aamuna a Ahebri aziponyedwamo. Ahebri 11 yemweyo, chakumapeto, akutchula anthu amene adaponyedwa miyala ndi kuphedwa ndi lupanga, chikhulupiriro ali nacho. Anyamata atatu aja pa Danieli 3 adauza mfumu kuti Mulungu wathu akhoza kutilanditsa, koma ngakhale asatero fano lanu sitilipembedza. Ine sindikulonjeza Mayi Nangozo kuti akamasula dzanja mwanayo adzabwera ndi galimoto. Bambo anga adabwera ndi chifuwa cha kumigodi, tidawaika ndisanakwatire. Ndikungoti kufumbata nako sikulonjeza kanthu. Mwanayo akhoza kugwa panjinga yamoto pa Santhe pomwepo pasipoti ili m'manja mwa amake.

Mayi wa mphakati, Guilleme:

Ine ndine Mkatolika wa ku Guilleme. A CCAP mundilole ndilowe ndi woyera wathu mmodzi, poti nkhani yake ikufanana ndi yanu modabwitsa. Monika woyera, mayi wa Augustino wa ku Hippo, anali wa mu Africa momwe muno, ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Naye anali wamasiye, naye mwana wake ankafuna kuwoloka nyanja kukafuna ntchito yabwinopo ku Roma. M'chaka cha 383 anamulondola mpaka kudoko ku Carthage, kumukakamira kuti abwerere kapena apitire limodzi. Mwanayo ananama kuti akungoperekeza mnzake amene akudikira mphepo, n'kuwasiya amake m'katchalitchi ka Cyprian woyera pafupi ndi gombe. Monika anachezera kulira ndi kupemphera kuti Mulungu aletse ulendowo. Kutacha, chombo chinali chitapita.

Pemphero la usiku umenewo Mulungu analikana. Koma Monika anali ndi pemphero lina lakale, limene analilirira zaka zambiri, loti mwanayo atembenuke mtima. Ulendo umene ankaukanawo ndi womwe unamufikitsa Augustino ku Milan, kumene anakamva maulaliki a Episkopi Ambrose, ndipo pa Pasaka wa 387 anabatizidwa, amake ali ku Milan komweko poti anadzamutsatira. Chaka chomwecho Monika anamwalira ku Ostia akudikira chombo chobwerera kwawo. Anaikidwa konko, chonsecho anali atadzikonzera kale malo pambali pa manda a mwamuna wake. Ngakhale za manda ake omwe anachita kuzitula.

Sindikuti wanuyo akakhala episkopi, a Nachisale asandidye. Ndikungofunsa kuti pa mwana ameneyu, pemphero lanu lalikulu ndi liti ndipo laling'ono ndi liti? Ngati lalikulu ndi loti azigona m'nyumba mwanu, pasipotiyo sungani. Ine wanga wamkazi ali pa Chipata pompa, kungowoloka pa Mwami, koma tulo ndimasowabe. Madzulo ndimatenga kolona n'kumutchula dzina. Musayembekeze kuti nkhawa idzatha tsiku limodzi ayi. Ine ndimaitula usiku, m'mawa ndimapeza yabweranso, ndiye ndimaitulanso.

Nangozo wa ku Santhe:

Zikomo nonse, ena mwandilasa. Agogo, za Mgonero zija zandipweteka, koma ndamva.

A Nachisale, ndikuyankheni. Layisensi ili m'dzina langa, akaunti ndi yanga, khadi ndimasunga ndine. Koma musandione ngati mfiti. Bambo ake, Mulungu awasunge, ndalama za fodya zinkathera pa Kasungu boma. Akalandira ankasowa masiku, n'kubwera ndi kanyama ka m'pepala ndi nyimbo. Ndinalumbira kuti ndalama ya pakhomo pano izidutsa m'manja mwanga. Ndi momwe ana aakazi aja anaphunzirira, ndi momwe tinapulumukira njala ya 2002 anzathu akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife feteleza tinali titagula kale chifukwa cha ine yemweyo. Kufumbata kwangaku n'kumene kwasunga banja lino. Ndiye kuti nditambasule dzanja lero poti mwana wamera ndevu, si chinthu chapafupi monga mukuchionera.

Usiku wathawu ndinayesa zimene mwanena, ndinamuuza Mulungu mosabisa kuti sindikufuna. Pa "kufuna kwanu" sindinafikebe, ndipo pasipoti sindinabweze. Koma ndatumiza uthenga kwa atsibweni ake kuti abwere Loweruka, tikhale atatu, ndiitulutse iwo akuona. Ndikufuna kumuuza kuti nyengo ikubwerayi adulitse layisensi yakeyake, munda wakudambo ndi chigafa zikhale zake, ndalama zake ine ndisazione. Akasankhabe Joni, apo sindinaganizepo, musandifunse.

Mwana wanga wa kwa Chulu, ngati unanena zoona kuti ungayankhule naye, ndikutumizira nambala kuseri. Umuuze zonse, za Lindela ndi za galimoto ya bwana zomwe.

Wa kwa Chulu ali ku Joni:

Tumizani amayi, ndimuimbira Lachisanu madzulo ndikaweruka. Koma ndineneretu pano kuti musadzati ndakupusitsani. Zoipa ndimuuza zonse, koma akandifunsa ngati ndikudandaula kuti ndinabwera, sindimunamiza, nyumba ya malata ya amayi anga kwa Chulu yachokera m'gadeni momwe muno. Ndipo muyambe mwamuuza kuti mwandipatsa nambala, ndisamudzidzimutse, angaganize kuti mwamutumira kazitape.